Anati Selina Akungodwala

Loweruka lililonse m'mawa, Yotamu Chilinda ankatsikira m'chipinda chapansi cha tchalitchi china cha mumsewu wa Bathurst, kukaphunzitsa Chingerezi anthu osamwetulira. Anali ochokera ku Russia, ambiri mwa iwo Ayuda, amene boma la kwawo linawalola kutuluka litawauziratu kuti asadzapondenso kumeneko. Munali mainjiniya, munali mayi woimba piyano, munalinso dokotala wa mano amene tsopano ankatsuka mbale m'lesitilanti. Tsiku loyamba anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ndipo mkulu wina wadazi, dzina lake Lev, anafunsa mosapita m'mbali ngati ku Africa kulidi Chingerezi. Yotamu anayankha kuti chiliko chambiri, china mpaka chimaolera m'minda. Palibe anaseka. Koma Loweruka linalo anabweranso onse, ndipo kwa anthu amenewa kuyamikira kwake kunali komweko.

Mkati mwa sabata Yotamu ankakankha odwala pa mabedi a matayala m'chipatala china chachikulu cha m'tauni. Munthu amene ku Ntcheu ana a sekondale ankaimirira akamalowa m'kalasi, kuno ankaitanidwa ndi chala. Anabwera ku Toronto kudzaphunzira, atasiya mkazi wake Selina ukwati usanathe ndi chaka chomwe. Tsiku lina pa chisangalalo cha ophunzira, mowa utamugwira pang'ono, ananena mawu awiri atatu okhudza anthu amene ankangosowa kwathu popanda wofunsa. M'chipindamo munali Amalawi okhaokha, anthu odyera m'mbale imodzi. Sipanapite nthawi, thandizo la sukulu linadulidwa, ndipo anauzidwa kuti abwerere kukayankha mafunso. Yotamu ankadziwa aphunzitsi anzake amene anapita kukayankha mafunso ndipo anali asanamalize kuyankha mpaka tsikulo. Sanapite. Anapereka pasipoti yake ku ofesi yoona za alendo, pamodzi ndi pempho loti amulole kukhala ku Canada, ndipo kuyambira pamenepo ankadya ndi Amalawi anzake, kupemphera nawo, koma osawauza za mawa.

Selina anayesa kupempha pasipoti kuti amulondole, anamukaniza. Pofika nyengo yozizira ya 1977, pempho la Yotamu linali likadali pamzere, ndipo moyo wake wonse unali utakolekedwa pamenepo. Akangomulola kukhala, apeza njira yomutulutsira mkazi wake kudzera ku Zambia. Ankadzuka ndi zimenezo, kugona ndi zomwezo.

Nyengo imeneyo kalasi inafika pa mutu umene ana a ku Ntcheu ankadana nawo kwambiri, wa ziganizo zoyamba ndi mawu akuti if. Yotamu anagawa bolodi patatu ndi choko. Gawo loyamba linali la zinthu zotheka: mvula ikagwa, ndikhala pakhomo. Lachiwiri linali la zimene sizili choncho lero: ndikanakhala wolemera, bwenzi ndikuyenda pa galimoto. Lachitatu linali la zimene zinapita kale: ndikanadziwa, sindikanabwera.

Lev anakweza dzanja, osati popempha mpata koma podziwitsa kuti akulankhula. "Aphunzitsi, m'Chirasha muli kamawu kamodzi kakang'ono, kamanyamula gawo lachiwiri ndi lachitatu pamodzi. Zonsezo ndi zinthu zoti kulibe. Angerezi akufuniranji mashelefu awiri osungira zinthu zoti kulibe?"

"Kwathunso timaziunjika pamodzi, bambo Lev," anayankha Yotamu. "Koma Mngerezi nyumba yake ndi yaikulu. Ali ndi chipinda cha chisoni cha lero ndi chipinda cha chisoni cha dzana."

Chimene chinamudabwitsa n'chakuti gawo lachitatu, lovuta lija, analigwira msanga ngati anabadwa nalo. Limene linkawagwetsa linali loyamba. Onse ankaika will pamene safunika, ankati if it will rain, ndipo Yotamu ankafufuta kamawuko m'makope mwawo mpaka chala kuchita dzanzi. Rimma, mayi woimba piyano uja, ankalemba mwaukhondo kuposa onse, koma akamufunsa chitsanzo chakechake ankangoyankha kuti buku lili ndi zitsanzo zokwanira.

Lolemba lotsatira, Yotamu akutuluka mu wodi, anamva wina akumuitana m'Chichewa. Anali mayi Anastazia, namwino wa ku Zomba amene anafika ku Toronto ena onse asanabwere. Mmalawi aliyense wofika kumene ankagona pa mpando wa m'nyumba mwake ndi kulandira chikhoti cha munthu amene anabwera iye asanafike.

"Achimwene, muli pa buleki? Tiyeni timwe tiyi."

Anakhala moyang'anizana m'kantini. Anastazia anafunsa za kuzizira, za chifuwa chimene chinamugwira mwezi watha, za azungu ake a Loweruka aja ngati ayamba kumva. Tiyi wake sanamukhudze. Yotamu anayamba kukayikira, chifukwa munthu wotanganidwa ngati ameneyu sazungulira choncho popanda chifukwa.

"Kwabwera mlendo wochokera ku Chipata, a Tobias. Abwera kudzachita kosi, afikira kwa a Joseph ku Mississauga. Atengako uthenga wa ku Ntcheu."

"Wa ndani?"

"Wa alamu anga, a Selina. Akuti matenda akula."

Palibe Mmalawi wosadziwa mawu amenewa. Kwathu imfa sitiuza munthu ali yekha, kapena ali pa ntchito, kapena ali kutali. Timati matenda akula, bwerani, kuti mtima uyambe kufewa ali pa basi, ndipo zoona zake amakazipeza pakhomo pali anthu omugwira akamagwa. Ndi chifundo chimenecho, ndipo kumudzi chimagwira ntchito, chifukwa ulendo wake ndi wa tsiku limodzi. Yotamu mwiniwake anapitapo ku Limbe kukatenga msuweni wake ndi mawu omwewa, amalume atamwalira kale dzulo lake. Choncho anaika manja onse patebulo, nayang'ana Anastazia m'maso.

"Achemwali, musandizungulire. Selina alipo?"

Maso a Anastazia anapita kwa azungu amene ankadya pa tebulo loyandikana, anapita pa yunifolomu ya Yotamu, anabwerera pa tiyi. Shifiti inali isanathe, ndipo munthuyu madzulo ankabwerera ku nyumba ya m'mwamba kumene kunalibe ndi mphaka yemwe.

"Alipo, achimwene. Ali m'chipatala. Tiyeni tingopemphera."

"Akudwala chiyani?"

"A Tobias sanafotokoze bwino. Loweruka tonse tili ofu, tidzabwera kwanu nawo, mudzawafunse nokha."

Yotamu anafunsa, ndipo anayankhidwa. Anastazia anali namwino, mayi wa mpingo, munthu amene anatseka maso a anthu ambiri osanjenjemera. Munthu woteroyo angamunamize atamufunsa maso ndi maso? Anagwira mawu akuti alipo ndi manja awiri. Madzulo anaimba foni kwa a Joseph, mkulu wa mpingo amene ankagwira ntchito ku bwalo la ndege. Amene anayankha anali mayi a m'nyumba, ndipo anati abambo ali ku ntchito, alendo nawonso sanabwere ku kosi, adikire Loweruka. Mawu awo anali ofewa mopitirira. Yotamu anatsitsa foni msanga asanamve zambiri m'kufewako.

Kudikira Loweruka! Selina ali pa bedi la chipatala, mwina pansi penipeni, akudyetsedwa phala ndi mayi ake okalamba, mwamuna wake ali kuno akudwazika azungu osawadziwa ndi maina omwe. Anaganiza za njira. Ndege mpaka ku Lusaka, basi mpaka ku Chipata, kenaka wapansi m'tinjira timene amayi ogulitsa mtedza amadutsira malire. Aboma kumugwira adzamugwira ndithu, zimenezo sankakayika. Chimene ankafuna n'kufika pa bedipo iwo asanafike pa iye, Selina atsegule maso aone kuti wabwera. Zimenezi sanauze Mmalawi aliyense. Anali atalawa kale zimene zimachitika mawu akatuluka m'chipinda cha Amalawi okhaokha, ndipo ulendo woterewu ukadziwika, akanapeza anthu akumudikira pamalire.

Lachitatu anapita ku ofesi yoona za alendo. Amene anamulandira anali mnyamata wa tsitsi lofiira, waulemu, amene anamvetsera nkhani yonse osadula. Kenaka anamufotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala, kuti akatenga pasipoti ndiye kuti pempho lake lafa, ndipo ayenera kutuluka m'dziko. Anamuuzanso kuti nkhani yake inali itayandikira kwambiri kutsogolo kwa mzere, ndipo inkaoneka bwino. Anamupempha kuti apite akagone kaye, abwerenso sabata yamawa.

"Wodwala sadikira sabata yamawa," anatero Yotamu.

"If you leave, Mr Chilinda, you will not come back," anatero mnyamatayo. Mukapita, simubwereranso. Yotamu, uphunzitsi wosatha, anaona kuti chiganizocho chinali cholondola kotheratu, cha gawo loyamba lija la zinthu zotheka, will ali pamalo pake. Anasaina, nalandira pasipoti yake yomangidwa ndi kamphira.

Kunena zoona, masiku otsatirawo anali osangalala. N'zochititsa manyazi koma ndi mmene zinalili. Kwa zaka anali munthu wodikira, tsopano anali ndi chochita. Anagula tikiti ya ndege ya Lamulungu. Anayenda mumsewu wa Spadina chipale chofewa chikumulowa m'nsapato, nagula juzi yachikasu, bulangete, mkaka wa m'zitini. Popeza sankadziwa matenda ake, analowa m'sitolo ya mankhwala n'kugula a chifuwa, a m'mimba, oonjezera magazi, ochotsa ululu, mpaka wogulitsa anamufunsa ngati akutsegula chipatala. Ankalankhula ndi Selina chamumtima m'sitima ya pansi pa nthaka, kumuuza kuti alimbe, kumuseka kuti wadwala dala n'cholinga choti amuone. Nthawi zina mawu aja akuti matenda akula ankabwera n'kumukhala pachifuwa. Ankawachotsa ndi mawu enawo. Ndinafunsa, anati alipo.

Lachisanu Anastazia anamupeza pa chikepe cha chipatala. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene sanagone sabata yonse.

"Mawa tibwera, achimwene. Mundibwereke kiyi, ife azimayi tidzayambe kuphika inu muli ku kalasi."

Yotamu anampatsa kiyi mosakayika. Anaona kuti zakhala bwino. Adzamufunsa Tobias dzina la chipatala, adzadya ndi anthu ake komaliza, iwo osadziwa kuti akutsanzikana. Chikwama anachikankhira pansi pa bedi.

Loweruka m'mawa phunziro linali la zolakalaka. Yotamu analemba I wish pabolodi, nafotokoza kuti Mngerezi akamalakalaka chinthu cha lero amalankhula ngati chinapita kale, ndipo akamalakalaka cha dzana amabwerera m'mbuyo kawiri. Anawauza kuti aliyense anene chake, osatenga m'buku. Lev anati akanakonda akanakhala ndi tsitsi. Dokotala wa mano anati akanakonda Akanada akanamadya ndi manja kuti mafoloko achepe m'sinki. Injiniya wina anati akanakonda akanatenga galu wake, ndipo sanapitirize, anayamba kupukuta magalasi. Itafika nthawi ya Rimma, Yotamu anati amulumphe, koma mayiyo analankhula.

"I wish I had stayed one more winter," anatero. Ndikanakonda ndikanakhalako nyengo yozizira ina imodzi.

Chiganizocho chinalibe cholakwa, ndipo Yotamu anamuuza choncho. Palibe anafunsa chimene chinachitika nyengo imeneyo.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, anapukuta choko m'manja, nawauza kuti Loweruka lamawa kudzabwera mphunzitsi wina. Zimene anabisira abale ake anauza anthu achilendowa, chifukwa Lev kapena dokotala wa mano akanakauza ndani ku Ntcheu? Anawauza za Selina, za pasipoti, za ndege ya mawa. Ankayembekeza kuti amugwira chanza. M'malo mwake m'chipindamo munabuka Chirasha, onse kulankhula nthawi imodzi, ndipo Lev anamenya tebulo.

"Aphunzitsi, inu ndi munthu wophunzira. Munthu akatuluka m'nyumba imene ikuyaka, sabwereramo."

"Mkazi wanga ali m'nyumbamo, bambo Lev."

Rimma anaimirira, nabwera kutsogolo. Anali wamfupi, ankamufika Yotamu paphewa, ndipo Chingerezi chake chikathamanga chinkataya timawu ting'onoting'ono panjira.

"Mwalankhula naye mkazi wanu?"

"Kumudzi kulibe foni."

"Wanena kuti akudwalayo wamuona ndi maso?"

"Wabwera ndi uthenga."

"Inu mwaonana naye wa uthengayo?"

"Ndionana naye lero."

"Lero," anabwereza Rimma. "Ndipo pasipoti munatenga Lachitatu." Anamuyang'ana kwa nthawi. "Mayi anga atamwalira kwathu ku Odessa, mchimwene wanga anaimba foni. Anati, amayi amwalira, tawaika, usalire pafoni ndi yodula. Ndinamuda chaka chonse. Koma kwathu akati wadwala ndiye wadwala, akati wafa ndiye wafa. Kwanu ndi chimodzimodzi?"

Yotamu anatsegula pakamwa. Akanatha kumufotokozera bwinobwino, anali mphunzitsi, ndipo mawu ake anali pomwepo palilime. Koma anachita mantha kuti akawanena m'Chingerezi, pamaso pa mayi ameneyu, amveka mmene alili.

"Ndinafunsa," anatero. "Anati alipo."

Rimma anatembenuka. Anabwerera pa mpando wake, natseka kope.

Anthu atayamba kuvala zikhoti, Lev anawaletsa. Anati kwawo munthu sanyamuka ulendo wautali anthu asanakhale naye pansi, ndipo popeza mawa sadzakhalapo, achitiretu lero. Onse anakhalanso, zikhoti zili m'thupi, zipewa zili pamaondo. Yotamu anafunsa ngati apemphere, Lev anati ayi, kumangokhala basi. Anakhala chete. Mapaipi otenthetsa chipinda ankagogoda m'khoma, ndipo pazenera la pamwamba pankadutsa nsapato za anthu oyenda mumsewu. Anthu onsewa anakhalapo chonchi m'nyumba zawo, zikwama zili pakhomo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anaionanso nyumbayo. Yotamu anachita mantha enieni kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo. Kenaka Lev anamenya maondo ake naimirira, ndipo aliyense anamugwira chanza mwamphamvu osanena za kuonananso.

Anakwera basi, natsika pafupi ndi nyumba yosanjikizana imene ankakhala. Panja panali magalimoto awiri amene anawazindikira. Anasangalala pang'ono kuti abwera ambiri. M'chikepe anakonza mafunso ake: chipatala chiti, anagonekedwa liti, akutha kudya.

Chikepe chitatseguka, anaona mipando yake.

Inali m'khonde, itandandalikidwa m'mbali mwa khoma, pamodzi ndi tebulo lake lodyera ndi kashelefu ka mabuku. Pamipandopo panakhala amuna ovala majekete, mitu ili pansi. Chitseko cha nyumba yake chinali chotsegula, pakhomo pali mulu wa nsapato za chisanu, ndipo mkatimo, m'chipinda chimene anachotsamo katundu yense, azimayi anakhala pansi miyendo atatambasula, zitenje atamanga pamwamba pa madiresi a ubweya, mipango ili kumutu. Kunalibe fungo la chakudya. Kwathu katundu amatulutsidwa m'nyumba pa chifukwa chimodzi chokha.

Yotamu anaima pomwepo, chikepe chikufuna kutseka n'kumamugunda paphewa. A Joseph anadzuka, namugwira mkono, namukhazika pa mpando wapakati. Amuna ena anayandikira mbali zonse. Zonse zinachitika mwa dongosolo lake, monga ziyenera kuchitikira.

"Mwana wanga," anayamba a Joseph, "takupezani pa nkhani yovuta. Mayi a kunyumba kwanu, a Selina, anadwala malungo aakulu. Anthu anayesetsa. Mulungu anawatenga."

"Liti?"

A Joseph anayang'ana munthu wina wochepa thupi amene anavala chikhoti chomukulira. Ameneyo ndiye anali Tobias.

"Mwezi watha, achimwene," anatero Tobias, Chinyanja chake cha ku Chipata chikumveka. "Mvula yoyamba itangogwa. Anaika kale."

Mwezi watha. Pamene ankagawa bolodi patatu, Selina anali ali m'manda. Pamene ankasankha juzi, kufunsa wogulitsa ngati yachikasu imakhala bwino munthu woderapo, udzu unali utayamba kumera pamtumbira. Mkati azimayi anayamba nyimbo ya maliro motsitsa, kuopa azungu oyandikana nawo. Yotamu sanalire. Anamva kuzizira kokha, kuyambira m'mapazi, ndi mkwiyo wopanda poutula, chifukwa aliyense m'khondemo anabwera pomukonda. Ena anasinthitsa mashifiti, ena anachokera kutali ku Brampton m'chipale chimenechi.

Anastazia anatuluka m'nyumba chokwawa ndi maondo, nagwada pafupi ndi mpando wake.

"Pepani, achimwene. Pepani. Sindikanatha kukuuzani pakantini paja, muli nokhanokha. Sabata yonseyi yandilemera."

"Ndinakufunsani, achemwali."

"Munandifunsa. Ndimafuna mukhale ndi anthu."

"Anthu ndi awa, tabwera," anatero a Joseph. "Simukhala nokha. Tigona pano lero, mawa tipita limodzi ku tchalitchi, ndipo sabata yonse tizisinthana. Ku ntchito tikakupempherani masiku. Za mapepala anu tamva kuti zikuyenda bwino, limbani mtima, moyo ukadalipo kuno."

"Mawa kulibe tchalitchi," anatero Yotamu. "Mawa ndikukwera ndege."

Amuna aja anayang'anana, kuganiza kuti chisoni chamusokoneza. Yotamu anapisa m'thumba la mkati, natulutsa pasipoti ndi tikiti, naziika pa tebulo lake lodyera limene linali m'khondemo. A Joseph ankagwira ntchito ku bwalo la ndege, sanafunikire womuwerengera. Anatsegula tikitiyo, anaona kuti ndi yopita kokha, anayang'ananso pasipoti.

"Iyi inali ku ofesi," anatero pang'onopang'ono. "Mwaitenga bwanji?"

"Ndinakansela pempho. Lachitatu."

"Osauza munthu?"

"Ndikanauza ndani?"

Aliyense m'khondemo ankadziwa chifukwa chake, ndipo ena anayang'ana pansi.

"Lolemba tipita tonse ku ofesiko," anatero a Joseph. "Tikawafotokozera kuti panali kusamvana. Ndi anthu, amva."

"Tikawafotokozera kuti chiyani, bambo? Kuti kwathu wakufa timati akudwala? Anandiuza kawiri, anandipempha kuti ndikagone kaye. Ndinasaina ndekha."

Anastazia anali akadali chogwada. Anayang'ana tikitiyo, anayang'ana Yotamu, ndipo zinaoneka kuti sanamvetse, kapena sanafune kumvetsa.

"Koma achimwene, kumeneko akakumangani. Mukupita kukatani?"

"Kukadwazika mkazi wanga," anatero Yotamu. "Si mmene munandiuzira?"

Anastazia, amene anasunga misozi sabata yonse kuti idzatuluke pa nthawi yake, anagwa chafufumimba pa kapeti ya m'khonde nalira mokweza, kulira kwa kumudzi kosaopa oyandikana nawo. Chitseko china chinatseguka, mzungu anasuzumira, natsekanso. Azimayi anatuluka kudzamunyamula, ndipo nyimbo inaduka pakati.

Yotamu anaganiza za Lusaka, kumene sankadziwa munthu, ndi za tinjira ta amayi a mtedza, timene tsopano tinkapita ku manda ndi ku ndende basi. Anatembenukira kwa Tobias, nafunsa ngati Selina anamutchulapo, ndiponso ngati anamuika kwawo kapena kwa amuna. Tobias anapepesa. Anati iye uthengawo anaulandira kwa woyendetsa lole wina pa Chipata, ndipo zimenezo sanafunse.

A Joseph anapinda tikiti ija mosamala, naibweza m'manja mwa mwini wake. Kenaka, popeza wofedwa sayenda yekha, anafunsa amuna anzake kuti ndani ali ndi galimoto yomuperekezera ku bwalo la ndege mawa masana.